Mayi Zuze ndi Masamu a Ana a M'bwato

Mayi Otilia Zuze anakhala hedi wa sukulu ya Nyamatope chifukwa panalibenso wina amene ankaufuna uhediwo. M'zaka zinayi ofesi ya maphunziro inatumizako amuna atatu. Woyamba anakhala chaka ndi theka nkupempha kusamutsidwa, ati malungo. Wachiwiri anati mkazi wake akukana kuwoloka Shire. Wachitatu anapita kwawo ku Thyolo pa holide ya Khirisimasi, ndipo chimene chinabwerako ndi kalata yokha, yopempha kuti amutumizire nsapato zake. Choncho mu 1974 akuluakulu anayang'ana amene anatsala pasukulupo, napeza mayi wophunzitsa Sitandade 2, namulembera kuti agwirizire kaye mpandowo mpaka papezeke munthu.

Ine ndine Elisha Kachingwe wa ku Ntcheu. Ndinaphunzitsa pansi pa mayiwa, ndipo zambiri za moyo wawo ndinazimva kwa eni ake titakhala pamthunzi nthawi ya bureki. Anabadwira ku Chiromo. Bambo awo anachokera ku Mutarara, ku Mozambique, kudzagwira ntchito yokonza njanji, moti kunyumba ankalankhula Chisena, kumsika Chimang'anja, kutchalitchi Chilatini chimene panalibe ankachimva. Anaphunzira kwa masisitere, nkuchita kosi ya uphunzitsi, nkukwatiwa ndi telala wina dzina lake Lorenso, amene anawatengera kwawo kwa Nyachikadza, kudambo kumene msewu wake ndi madzi. Anali amfupi moti polemba pabolodi ankayambira pakati. Kulikonse ankayenda ndi ambulera yakuda, ndipo akaseka ankagwira pamimba nkuwerama ngati wina wawamenya chibakera.

Atalandira kalata ya uhedi ija anatumizidwa ku Blantyre, ku kosi ya sabata imodzi ya mahedi atsopano. Kumeneko kunali kozizira, moti sabata yonse anakhala atadzikulunga m'jekete la amuna awo. Anzawo anadzaza makope ndi manotsi. Iwo anabwerako ndi chimfine ndi mfundo imodzi. Mphunzitsi wina wa pakosipo ananena kuti mahedi ambiri amapereka mankhwala asanamuone wodwala, ndipo kuti munthu amene amayamba wayang'ana ndi kulemba zimene waona, ameneyo akuchita kafukufuku.

"Ine ndinkayesa kafukufuku amafuna digiri," anandiuza tsiku lina. "Kumeneko ndinamva kuti amafuna kope ndi pensulo basi. Zimenezo ndiye ndinali nazo."

Matenda a sukuluyo anali odziwika. Chiyambire Sitandade 8 panalibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anasankhidwapo kupita ku sekondale, ndipo chaka chapitacho, pa ana makumi atatu anakhoza mayeso asanu ndi mmodzi okha. Makolo ankati aphunzitsi ndi aulesi. Aphunzitsi ankati dzuwa la kuchigwa limaphika ubongo. Ine ndinafika mu Okutobala chaka chomwecho, wotentha kuchokera ku koleji, ndili ndi yankho langa m'mutu: pasukuluyi chikoti chikuchepa.

Tsiku langa loyamba ndinalowa mu Sitandade 8 ndi kapaketi ka masiwiti, kuti ana andikonde ndisanayambe kuwakwapula. Ndinapatsa mtsikana wa kutsogolo siwiti imodzi, iye nkupinda maondo nkunena kuti, "Takhuta." Wachiwiri, "Takhuta." Wachitatu chimodzimodzi.

"Ngati mwakhuta musanaiike nkomwe mkamwa, zotsalazi ndikadya ndekha," ndinatero, paketi nkuibweza m'thumba.

Belu litalira ndinati, "Longani mabuku." Kalasi yonse inayamba kulankhula nthawi imodzi.

"Ndati longani!"

Phokoso linakwera kawiri. Nditacheuka ndinapeza ahedi ali pazenera, atawerama, ambulera ili pansi, misozi ikutsika ndi kuseka.

"Aphunzitsi," anatero atapezako mpweya, "m'Chisena takhuta ndiye zikomo, kulonga ndiye kulankhula. Poyamba paja ana anakuthokozani ndi mtima wonse. Kachiwirika amakuyesani dala, awa amadziwa zilankhulo zonse ziwiri. Koma taganizani kamwana ka Sitandade 1 kamene sikanamvepo Chichewa cha kwanu. Kakamva longani, kachita chiyani?"

Anatola ambulera, natulutsa kope, nalemba.

Kope limenelo tinalida tonse, aphunzitsi anayi amene tinalipo. Ankangolowa m'kalasi osagogoda, nkukakhala kumbuyo pa benchi ya dothi pakati pa ana, ndipo poti anali amfupi nthawi zina unkaiwala kuti alimo. Itatha sabata anandiitana mu ofesi.

"Aphunzitsi, sabata ino mwafunsa mafunso 38. Atsikana mwawafunsa awiri."

"Awiri si ochepa kwenikweni," ndinayankha.

"Loyamba linali lakuti choko chili kuti. Lachiwiri, wasesa muno ndani."

Sanandikalipire. Anangondipatsa kope lina nkundiuza kuti mawa ndikakhale kumbuyo kwa kalasi yawo, ndikawawerengere nawonso. Ndinapita ndi mtima wobwezera, ndipo ndinapeza kuti amaphunzitsa akuyang'ana kumanja kokha, kumene kunali zenera lolowa kamphepo, ana a kumanzere akuona khutu lawo basi. Nditawauza anaseka, navomera. Kuyambira pamenepo, Lachitatu lililonse mphunzitsi mmodzi ankakhala m'kalasi ya mnzake nkumuuza chinthu chimodzi choti akonze. Chimodzi chokha, ankatero ahedi, chifukwa ukamuuza munthu zisanu amangokwiya.

Chachikulu anachipeza m'mabuku akale a malikisi amene chiswe chinali chitayamba kale kudya. Anaona kuti ana ena amakhoza Chingerezi, amakhoza Chichewa, koma pa masamu amagwa chagada, chaka ndi chaka. Atalemba mayina awo payekha anaona kuti onsewo amakhala kutsidya kwa mtsinje waung'ono wopatuka ku Shire, ndipo amabwera kusukulu pa bwato la msodzi wina, a Kaitano. Tonse tinkadziwa kuti ana a kutsidya amachedwa, ndipo tinkawakwapula awiriawiri nkuwalowetsa m'kalasi. Panalibe amene anafunsapo kuti akamachedwa amaphonya chiyani.

Mayi Zuze anabwereka wotchi ya amuna awo, nayamba kuima padoko m'mawa uliwonse, ambulera paphewa, kope m'manja.

Apa ndi pamene nkhani inavuta. Zinali zaka zimene munthu wolemba mayina a anzake m'kope ankaopedwa kuposa ng'ona. Amayi ogulitsa nsomba padokopo anayamba kunong'onezana kuti ahedi anapita ku Blantyre kukaphunzira ukazitape. A Kaitano ndiwo anazizidwa kwambiri, chifukwa khadi lawo la chipani linali litagwera m'madzi miyezi itatu yapitayo, komanso ankawolotsa aliyense osamufunsa kuti wachokera dziko liti. Atawaona ahedi akuyang'ana wotchi nkulemba, tsiku lachisanu anabisa bwato m'bango nkutumiza uthenga woti akudwala msana. Masiku awiri theka la sukulu silinabwere.

Tsiku lachitatu tcheyamani wa chipani m'deralo, a Augustino Thole, anawaitanitsa ahedi. Ananditenga ine ngati mboni, ndipo kunena zoona miyendo yanga inkafuna kubwerera. Tinawapeza atakhala pa mpando wandalema, baji ili pachifuwa.

"Mayi," anayamba, "kuno olemba mayina ndife. Inu mukulembera ndani?"

"Ndikulembera masamu, atcheya."

"Masamu ndi ndani?"

Ahedi anangowapatsa kopelo. Atcheya anavala magalasi nayamba kuwerenga mokweza, chala chikutsata mzere. "Lolemba. Bwato lafika 8:50. Ana a Sitandade 8 alimo 17. Priska wanyowa siketi. Lachiwiri. Bwato lafika 9:05. A Kaitano agwira milamba isanu ndi iwiri, umodzi wathawa." Anatembenuza tsamba, kusaka pamene pali ndale. Anatembenuzanso. Nkhope yawo inali ya munthu amene watsegula mphika nkupezamo madzi okha. Kenaka chala chinaima.

"Antonio Thole. Wadutsa padoko 7:10 atavala yunifomu, mbedza ili m'thumba. Kusukulu sanafike." Anakweza maso. "Antonio wake uti?"

"A Thole alipo angati kuno, atcheya?"

Anawerenga chamumtima tsopano. Dzina la mwana wawoyo linalimo kanayi. Anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali, nabweza kopelo ndi manja awiri.

"Kope ili ndi la chitukuko," anatero. "Pitirizani."

Lolemba lotsatira Antonio anali pa benchi ya kutsogolo, akukhala mopendekera, ndipo a Kaitano anachira msana atalandira khadi latsopano.

Patatha masabata atatu ahedi anatiitana tonse nkuika kopelo patebulo. Taimu tebulo yochokera ku unduna inkati masamu ayambe hafu pasiti seveni, athe hafu pasiti eyiti, ati chifukwa m'mawa mitu imakhala yozizira. Bwato silinafikepo nthawi imeneyo isanakwane. Mwa ana 31 a Sitandade 8, ana 17 anali atakhala zaka zonse za sukulu akuwapeza masamu akufufutidwa pabolodi.

"Ndiye takhala tikukwapula ana chifukwa cholephera phunziro limene sanalionepo," anatero. Nthawi imeneyi sanaseke, ndipo ine ndinayang'ana pansi.

Anayamba ndi a Kaitano. "Achimwene, simungawolotse ana kaye, miono muzivuula pambuyo?"

"Mayi hedi, ndikachedwa pang'ono akatumbu amayamba ndiwo kuvuula," anayankha a Kaitano. "Ana anu angathe kudikira. Katumbu nkhabe, sadikira."

Ahedi anaganiza pang'ono. "Chabwino. Ndiye masamu ndi amene azidikira."

Aphunzitsi tinaopa. Taimu tebulo inali yosindikizidwa, ya chidindo, yopachikidwa m'munsi mwa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, ndipo m'masiku amenewo chinthu cha chidindo sunkachikhudza. Ahedi sanaikhudze. Anang'amba katoni ya choko, nalembapo taimu tebulo ina, naikhomera kuseri kwa chitseko cha ofesi. M'mawa tinkayamba ndi kusesa, kudimba, nyimbo ndi Baibulo. Masamu ankayamba kota pasiti naini, ana a m'bwato atauma miyendo. Mwana aliyense wa kutsidya anamupatsa mnzake wa kumtunda woti azimuthandiza zimene anaphonya, ndipo m'bwatomo anawalamula kuti aziimba matebulo. Pofika Khirisimasi a Kaitano ankapalasa akuimba tebulo la seveni, ngakhale kuti pa seveni taimusi eyiti ankaika nambala ya kumtima kwawo.

Anasinthanso china. Mu Sitandade 1 ndi 2 chinthu chatsopano ankayamba achifotokoza m'Chisena kenaka m'Chichewa, ndipo Lachisanu lililonse, mphindi khumi, ife aphunzitsi obwera tinkakhala pa benchi ana nkumatiphunzitsa mawu awo, ife nkumawauza athu. Ana amene sankatsegula pakamwa chaka chonse anayamba kukweza manja, chifukwa kulibe chokoma ngati kumuuza mphunzitsi kuti walakwa.

Insipekita anabwera mu Febuluwale, madzi atadzaza, osatumiza uthenga. Anali bambo wamtali, wa suti ndi tayi ndi chikwama chachikopa. Njira ya kumtunda inali itamira, choncho anthu anamulozera kwa a Kaitano. Anakwera bwato seveni koloko pamodzi ndi ana, nkuyenda nalo mono ndi mono, milamba ikuphiriphitha pa nsapato zake, ana akumuimbira tebulo la naini m'khutu. Atatsika padoko, gogo wina wogulitsa nsomba anamulonjera mwaulemu m'Chisena, kumufunsa mmene wadzukira.

"Mwacherwa tani, baba?"

Iye anamva zakuti mwachedwa. "Inde ndachedwa! Nanga wopalasa ndine?"

Analowa m'kalasi yanga asanapite ku ofesi, nandipeza ndikuphunzitsa mafulakishoni pa nthawi imene pepala la boma linkati ndi ya Baibulo. Anaitanitsa ahedi pomwepo, pamaso pa ana.

"Mayi, taimu tebulo ya boma imati masamu nthawi yanji?"

"Hafu pasiti seveni, bwana."

"Nanga izi ndi chiyani?"

"Pepani bwana, ndifunse nawo. Hafu pasiti seveni inu munali kuti?"

"M'bwato."

"Munali ndi ndani?"

Insipekita anayang'ana m'kalasimo. Nkhope 17 zimene anali nazo m'bwato zinamuyang'ananso. Anakhosomola, napempha mpando. Ahedi anamupatsa mpando ndi kope, ndipo analiwerenga pafupifupi ola lathunthu, tsamba ndi tsamba. Atamaliza analemba samu yovuta pabolodi nkuloza mnyamata wa kutsogolo, koma ahedi anati, "Bwana, yesani wa m'bwato." Analoza Priska Jambo, mtsikana wa kutsidya uja wa siketi yonyowa. Priska anachedwa, anafufuta kawiri ndi chikhatho, koma anaipeza.

M'buku la alendo insipekita analemba kuti taimu tebulo ya boma waiona, ili pakhoma ndipo ndi yaukhondo. Potuluka anaima pakhomo la ofesi, dzanja lili pachitseko.

"Chitsekochi muzichisiya chotsegula chonchi alendo akabwera," anatero. "Chikatsekedwa munthu amaona zambiri."

Anabwerera pa bwato lomwelo, atanyamula mlamba umene a Kaitano anamukakamiza kuti atenge.

Zotsatira za chaka chimenecho zitafika, ana khumi ndi asanu anali atakhoza, koma wosankhidwa panalibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale Priska. Ife aphunzitsi tinkafuna kuvina, poti kuchoka pa asanu ndi mmodzi kufika pamenepo si masewera. Ahedi anakhala masiku awiri osaseka. Ndinawapeza mu ofesi atagwira tsaya.

"Ndinkayesa ndikasuntha masamu zonse zitheka," anatero. "Zaka zisanu ndi ziwiri zophonya sizingabwezedwe m'miyezi isanu ndi inayi. Izi ndikadayenera kuzidziwa."

Tsiku lachitatu anakwera bwato kupita kwa bambo a Priska, amene anali atayamba kale kumvetsera za mnyamata wina wofunsira. Sanapite okha, anatengana ndi atcheya, amene tsopano ankayankhula za maphunziro pa msonkhano uliwonse ngati anawayambitsa ndi iwo. Zimene anakambirana kumeneko sindinazimve, koma mu Okutobala Priska anabwerera kudzabwereza Sitandade 8.

Kalata ya zotsatira za 1976 inafika masana, ahedi akuphunzitsa. Anaitsegula pakhonde, naiwerenga kawiri, nkundipatsa kuti ndiwerengenso ine poopa kuti maso akuwanamiza. Priska Jambo anali atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko ku Mulanje, ndi mnyamata wina wa kumtunda kupita ku Chikwawa. Ahedi anathamanga kupita kudoko, nsapato imodzi nkutsala m'matope, akukuwira a Kaitano kuti abweretse bwato msanga. A Kaitano, amene anali pakati pa madzi, anayankha kuti akubwera akangomaliza miono iwiri. Chaka chomwecho ofesi inawalembera Mayi Zuze kuti uhedi ndi wawo ndithu, asiye kugwirizira.

Mbiri inamveka. Mahedi ena anabwera kudzaona, nakopera katoni ya kuseri kwa chitseko ija. Mmodzi wa cha ku Bangula anabweranso patatha chaka, akudandaula kuti wasuntha masamu koma palibe chasintha.

"Ana anu amabwera pa bwato?" anamufunsa ahedi.

"Ayi, kwathu kulibe mtsinje."

"Ndiye munasunthiranji? Pitani mukaime pachipata panu masabata atatu, mukaone chimene chikuvuta kwanuko."

Ine ndinachoka mu 1981 atandipatsa uhedi kwina. Mayi Zuze anakhalabe mpaka 1989, chaka cha madzi aakulu amene anagwetsa makalasi awiri ndi nyumba yawo yomwe. Anadikira mpaka makalasiwo atamangidwanso, kenaka anapuma pa ntchito nkusamukira pafupi ndi boma la Nsanje.

Ndinakawaona komaliza mu 1991. Ndinawapeza kuseri kwa tchalitchi akuphunzitsa sukulu ya kwacha, amayi khumi ndi awiri atakhala pamphasa ndi masileti. Pakati pa amayiwo panali bambo mmodzi wa imvi, tepi ya utelala ili m'khosi. Anali a Lorenso. Zaka zonse zimene ndinakhala nawo sindinadziwe kuti telala ameneyu, wodziwa manambala onse a pa tepi, sankatha kuwerenga ngakhale dzina lake. Akazi awo anawapempha kwa zaka makumi atatu, iwo akukana, ati mwamuna sakhala pansi mkazi wake ataima. Anavomera pamene mdzukulu wawo anawalembera kalata, nkuyenera kukapempha mnansi kuti awawerengere.

Nditakhala pambali pawo, Mayi Zuze anaika patsogolo pa amuna awowo thumba lopanda kanthu la mbewu, naloza zilembo zazikulu.

"Bambo Zuze, werengani apa."

A Lorenso anawerama, milomo ikuyenda. "Mpu... nga. Mpunga. Ndimadziwa kale kuti munali mpunga, anabweretsa thumbali ndine."

"Pyadidi, mwakhoza. Werenganinso pansipo."

A Lorenso anapendekera kwa ine nkunong'ona. "Aphunzitsi, inu munapirira zaka zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri, bambo."

"Ine ndili m'chaka choyamba," anatero. Anapuma mozama, naika chala pa mzere wachiwiri, nayamba kuutchula pang'onopang'ono.